Bokosi losatsegula ndi mtengo wake: mmene msika wa maseti akale a LEGO umayendera

Mu 2007 kampani ya LEGO, yopanga tinjerwa ta pulasitiki tomangira zidole, ya ku Billund m'dziko la Denmark, inatulutsa seti ya chombo cha Millennium Falcon cha m'mafilimu a Star Wars. Nambala yake inali 10179, tizidutswa tinalimo toposa 5,000, ndipo ku America inkagulitsidwa madola 499.99. Itachoka m'masitolo, amene anasunga mabokosi osatsegula anayamba kugulitsa limodzi madola masauzande angapo. Mbiri imeneyi inakopa anthu ambiri kuti ayambe kuunjika mabokosi a zidole m'nyumba, poyembekeza kudzapindula. Koma mu 2017 kampaniyo inatulutsanso chombo chomwecho, cha tizidutswa tambiri ndi chokongola kuposa choyamba, nambala 75192, tizidutswa 7,541, pa madola 799.99. Munthu wongofuna chombo choti amange analibenso chifukwa chosakira chakale chija, ndipo mtengo wake unatsika.

Msika wonsewu wagona pamenepo. Seti imakwera mtengo chifukwa kampani yasiya kuipanga anthu akuifunabe. Koma zikombole zili m'manja mwa kampaniyo, ndipo tsiku limene yafuna ikhoza kuzibwezera pamakina. Wosunga maseti amakhala akubetcha pa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti anthu adzaifunabe setiyo, komanso kuti mwini zikombole sadzaibweretsanso msanga.

Chimene chimasunga mtengo wa pulasitiki ameneyu

Kanjerwa kamene tonse timakadziwa, ka timabatani pamwamba ndi timapaipi kunsi, kanalembetsedwa mwalamulo mu Januwale 1958, ndipo muyeso wake sunasinthe mpaka lero. Kuchokera pakati pa batani limodzi kufika pakati pa linzake pali mamilimita 8. Kanjerwa n'kotalika mamilimita 9.6, ndipo tinjerwa topyapyala titatu, kalikonse ka mamilimita 3.2, tikasanjikizana timafanana msinkhu ndi kanjerwa kamodzi. Kuyambira 1963 kampaniyi imagwiritsa ntchito pulasitiki wa ABS, amene sapindika pokalamba monga ankachitira wa poyamba uja. N'chifukwa chake kanjerwa ka zaka 40 kamagwirana bwinobwino ndi kamene kagulidwa dzulo, ndipo kachidutswa kalikonse, ngakhale kakale bwanji, kali ndi woti akagule kwinakwake.

Chinanso n'choti chilichonse chili ndi nambala. Seti ili ndi nambala yake, kachidutswa kali ndi yake. Kanjerwa wamba ka mabatani 8, awiri m'lifupi anayi m'litali, ndi 3001. Mitundu ya utoto nayo ili ndi mayina ake okhazikika. Wogula ali kudziko lina, wogulitsa kudziko lina, akatchula nambala amadziwa kuti akunena chinthu chimodzi. Malo aakulu ochitira malonda amenewa pa intaneti ndi BrickLink, imene Dan Jezek anaiyambitsa mu 2000, ndipo kampani ya LEGO inaigula mu 2019. Palinso Brick Owl ndi eBay, pamene Brickset ndi Rebrickable n'zothandiza pofufuza mbiri ya seti ndi tizidutswa take.

Makampani ena amapanga tinjerwa tolumikizana ndi ta LEGO, ndipo salakwira lamulo: chitetezo cha luso la 1958 chinatha kalekale, komanso mu 2010 khoti lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula kuti maonekedwe a kanjerwako sangakhale chizindikiro cha kampani imodzi. Cobi ya ku Poland ndi Mega, yomwe ili pansi pa Mattel, ndi ena mwa iwo. Zina mwa zimene amapanga n'zabwino ndithu. Koma ogula zakale zawo ndi ochepa, choncho nkhani ya mtengo wogulitsiranso kwenikweni ndi nkhani ya LEGO.

Moyo wa seti

Maseti ambiri amakhala m'masitolo chaka chimodzi mpaka zitatu. Akuluakulu ena amakhalitsa kuposa apo. Ambiri amasiya kupangidwa kumapeto kwa Disembala, ena pakati pa chaka, ndipo pa webusaiti ya kampaniyo pali tsamba losonyeza amene atsala pang'ono kutha. Nthawi yonse imene seti ili m'sitolo, mtengo wake pamsika wa ogulitsanso umakhala wofanana ndi wa m'sitolo kapena wocheperapo, pakuti palibe angalipire zambiri pa chinthu chimene chili pashelefu.

Ikangosiya kupangidwa, ambiri amaganiza kuti mtengo ulumpha mawa lake. Ayi. Masitolo amakhala adakali ndi zotsala, ndipo amazitsitsa mtengo kuti apeze malo a katundu watsopano. Kenako amabwera ogulitsanso osapirira, amene amataya katundu wawo pa phindu lochepa. Mtengo umayamba kusuntha gulu limeneli likatha, kawirikawiri pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Wogula seti chaka chimene yangotuluka ndiye kuti wamangirira ndalama zake zaka zina ziwiri kapena zitatu pachabe, seti isanachoke n'komwe m'sitolo. Odziwa msikawu amagula m'miyezi yomaliza, makamaka masitolo akachotsera 20 kapena 30 peresenti.

Chimene ogula amalipirira

Choyamba ndi tianthu. Kamunthu ka LEGO ka manja ndi miyendo yoyenda kanayamba mu 1978, ndipo masiku ano m'maseti ambiri a mafilimu, gawo lalikulu la mtengo wogulitsiranso limakhala m'tianthu tiwiri kapena titatu, osati m'tinjerwa mazanamazana totsalato. Seti ya Star Wars ya Cloud City, nambala 10123, ya mu 2003, inkagulitsidwa madola 99.99. Munali kamunthu ka Boba Fett kokhala ndi zojambula m'manja ndi m'miyendo, komwe sikanapezekenso mu seti ina iliyonse. Lero kamunthu kameneka pakokha, kakakhala kosang'aluka, kamadutsa madola 1,000. Winanso ndi Mr. Gold wa mu 2013, amene anapangidwa 5,000 okha n'kumwazidwa m'timapaketi tosaoneka mkati padziko lonse.

Funso loyenera kufunsa usanagule n'lakuti: kodi kamunthu aka kali mu seti iyi yokha? BrickLink imaonetsa maseti onse amene kamunthu kalikonse kamapezekamo. Ndipo ngakhale kali mu seti imodzi lero, kampani ikhoza kudzakaika mu seti yotchipa chaka chamawa, kapena kutulutsa kena kojambulidwa bwino kuposa apo. Zikatero kakale kaja kamatsika, pokhapokha ngati kali ndi mbiri yakeyake.

Chachiwiri ndi mndandanda. Nyumba za Modular Buildings zimatuluka pafupifupi imodzi chaka chilichonse, ndipo zimalumikizana n'kupanga msewu. Munthu akagula yake yoyamba lero, posakhalitsa amafuna za m'mbuyo zimene anaziphonya. Yoyamba mwa zonse, Café Corner, nambala 10182, ya mu 2007, ya tizidutswa 2,056, inali madola 139.99, ndipo yosatsegula tsopano imaposa kakhumi mtengo umenewo. Chaka chilichonse mndandandawu umabala ogula atsopano a nyumba zakale, pamene mabokosi osatsegula akucheperachepera chifukwa ena akutsegulidwa.

Chachitatu ndi chilolezo. LEGO inayamba kupanga za Star Wars mu 1999, ndipo kuchokera apo yagwirizana ndi eni mafilimu ndi masewero ambiri. Mgwirizano ukatha, maseti ake sangapangidwenso, ndipo mtengo umakwera. Koma migwirizano imadzukanso. Maseti a Harry Potter anaima mu 2011 n'kubweranso mu 2018. A The Lord of the Rings, amene anatuluka mu 2012 ndi 2013, anabweranso mu 2023 ndi seti yaikulu ya Rivendell.

Palinso tizidutswa tosowa, makamaka kachidutswa wamba kopangidwa mu utoto umene unatuluka mu seti imodzi yokha, kapena kodindidwa chithunzi chapadera.

Zimene sizikwera n'zosavuta kuzidziwa. Polisi, ozimitsa moto ndi ndege za LEGO City zimapangidwanso zaka zochepa zilizonse. Kholo lofuna polisi ya mwana wake limagula yatsopano, silisaka ya zaka zisanu zapitazo. Chovuta kuchiona ndi seti imene aliyense akuinena kuti idzakwera. Anthu masauzande akagula mabokosi khumikhumi n'kusunga, setiyo siisowa ngakhale itasiya kupangidwa. Café Corner inakwera chifukwa mu 2007 pafupifupi onse amene anaigula anaitsegula n'kuimanga. Masiku ano osunga achuluka, ndipo n'kovuta kuti mbiri ija ibwerezeke.

Kubweranso kwa seti kwachitika kangapo, moti si chinthu chodabwitsanso. Taj Mahal ya mu 2008, nambala 10189, ya tizidutswa 5,922, inali imodzi mwa zodula kwambiri pamsika wa zakale. Mu 2017 inabweranso ngati 10256, pafupifupi osasintha kanthu, pa madola 369.99. Roketi ya Saturn V, nambala 21309, ya tizidutswa 1,969, itangotha n'kuyamba kukwera, inabwereranso mu 2020 ndi nambala ina, 92176. Amene anaisunga yambiri anagwira fuwa lamoto. Bokosi loyambirira limakhalabe ndi okonda ake, inde, koma okonda bokosi ndi ochepa poyerekeza ndi okonda kumanga.

Za kukwera kwa 11 peresenti pachaka

Nambala imene imatchulidwa kwambiri inachokera ku kafukufuku wa Victoria Dobrynskaya ndi Julia Kishilova a ku Higher School of Economics ku Moscow. Iwo anaunika mitengo ya maseti 2,322 a pakati pa 1987 ndi 2015, n'kupeza kuti pa avereji ankakwera ndi 11 peresenti pachaka. Anapezanso kuti timaseti tating'ono ndi maseti aakulu kwambiri ankachita bwino kuposa apakatikati. Pa liwiro limenelo ndalama zimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 7.

Kafukufukuyo ndi weniweni, koma ayenera kuwerengedwa ndi maso awiri. Mkati mwa avereji imeneyo muli maseti amene ankatsika ndi theka pachaka ndi ena amene ankakwera kangapo. Kuti upeze avereji uyenera kukhala ndi maseti ambirimbiri a mitundu yosiyana, ndipo munthu wamba amagula asanu kapena khumi. Mitengoyo inali ya maseti atsopano osatsegula. Ndipo zaka zimenezo zinali zisanafike nthawi imene kusunga LEGO kunatchuka ngati njira yopezera ndalama.

Chachikulu, kukwera kwa mtengo sindiko ndalama ya m'thumba. Tiyeni tiwerenge ndi chitsanzo chongoyerekeza. Seti ya madola 100 waigula pa madola 80 itatsitsidwa. Patapita zaka zinayi ikugulitsidwa madola 150. Pa eBay ku America amadula pafupifupi 13 peresenti, ndiwo madola 19.50. Kutumiza kwadya 15, katoni ndi zokutira 3. Watsala ndi 112.50. Phindu ndi 32.50 pa 80, lomwe ndi pafupifupi 9 peresenti pachaka. Ukanaigula pa mtengo wonse wa madola 100, phindu likanakhala 12.50, pafupifupi 3 peresenti pachaka, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kukanalimeza lonse. Seti ndi yomweyo, "yakwera ndi theka" m'njira zonse ziwiri, koma chasiyanitsa ndi mtengo wogulira. Apa sitinawerengere malo osungira, nthawi yojambula ndi kuyankha ogula, msonkho kumene malamulo amaufuna, kapena bokosi limodzi lophwanyika panjira lomwe lingadye phindu la mabokosi anayi.

Pa BrickLink amadula zochepa, pafupifupi 3 peresenti, kuphatikizapo ina ya kampani yodutsitsira ndalama, koma ogula a kumeneko amadziwa mitengo ndipo salipira mwachibwana. Ogula ku LEGO kwenikweni amachepetsa mtengo wogulira ndi mapointi a Insiders, amene kampaniyo imapatsa mamembala ake akagula, omwe amabweza pafupifupi 5 peresenti, komanso timaseti tamphatso toperekedwa ukagula zambiri, tomwe timagulitsikanso patokha. Kampaniyo imaika malire a mabokosi amene nyumba imodzi ingagule.

Kudziwa mtengo weniweni

Pa intaneti munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse. Kuona seti yako italembedwa madola 900 sikutanthauza kuti wina analipirapo ndalama zimenezo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choyenera kuyang'ana ndi zimene zagulitsidwa kale. Pa BrickLink, tsamba la mitengo la seti iliyonse lili ndi zigawo zinayi: zatsopano ndi zogwiritsidwa ntchito zimene zagulitsidwa m'miyezi 6 yapitayi, ndiponso zatsopano ndi zogwiritsidwa ntchito zimene zikugulitsidwa panopa. Zigawo ziwiri zoyambazo ndizo zenizeni. Pa eBay pali posankha kuti uone zogulitsidwa zokha.

Usangoona mtengo, uonenso kuchuluka. Ngati m'miyezi 6 mwagulitsidwa mabokosi atatu pamene 200 akudikira ogula, mtengowo ndi wa papepala: kuti lako lichoke uyenera kutsika pansi pa ena onsewo. Ngati agulitsidwa 150 ndipo otsala ndi 40, msika uli ndi njala. Chotsanso malonda achilendo, monga limodzi lotchipa kwambiri lomwe mwina linalibe tianthu, kapena lodula mopitirira. Mawebusaiti onga BrickEconomy amaonetsa mizere yolosera za m'tsogolo. N'zothandiza poona mbiri, koma kulosera n'kulosera basi.

Okonda LEGO ali ndi kamuyeso kachidule kakuti kachidutswa kamodzi kamakwana pafupifupi masenti 10 a ku America. Kamathandiza kuona ngati seti yatsopano yadula, koma kamanyenga: seti ya timadontho ting'onoting'ono masauzande imaoneka yotchipa, pamene ya zidutswa zikuluzikulu ndi tianthu tambiri imaoneka yodula. Pa mtengo wogulitsiranso kamuyesoka sikanena kanthu.

Kusunga bokosi

Wogula seti yosatsegula amalipirira zinthu ziwiri: chitsimikizo chakuti zonse zilimo, ndi bokosi lenilenilo. Kona yophwanyika, mzere wopindika, chipsera cha sitika ya mtengo, kapena mbali yofwifwa ndi dzuwa, zonsezi zimatsitsa mtengo, makamaka pa maseti odula.

Adani ake ndi kutentha, chinyontho, dzuwa ndi kulemera. Kutentha kumaumitsa guluu wa matepi otsekera, tepi n'kudzimatukira yokha, ndipo bokosi la tepi yomatuka sungalitchulenso losatsegula ngakhale sunaligwire. N'chifukwa chake kudenga ndi m'galaja si malo abwino. Chinyontho chimafewetsa katoni n'kubweretsa nkhungu ndi tizilombo todya mapepala, choncho mabokosi asagunde pansi kapena khoma lakunja. Mabokosi aakulu ali ndi mpata wambiri mkati, ndipo ukawasanjikiza ambiri, lapansi limaphwafuka pakati. Kuli bwino kuwaimika m'mbali pashelefu, ofanana kukula pamodzi, kapena kusanjikiza osapitirira atatu kapena anayi, lolemera pansi. Ngati seti yabwera m'katoni yakeyake ya kufakitale, usaitaye, ndiyo chitetezo chabwino koposa. Fungo la fodya limalowerera m'katoni ndipo silichoka. Maseti okhala ndi timabatire, monga a kanjerwa kowala, ali ndi vuto lina: batire ikhoza kuchucha m'bokosi lotseka, ndipo palibe chochita popanda kutsegula.

Malo nawonso ndi ndalama. Bokosi la 75192 limalemera kuposa makilogalamu 10, ndipo maseti onga Titanic ya tizidutswa 9,090 kapena Eiffel Tower ya 10,001 amadya shelefu yonse. Timaseti tating'ono makumi awiri tikhoza kukwana pamalo omwewo, n'kukhalanso tosavuta kutumiza.

Seti yomangidwa kale

Ambiri osonkhanitsa amamanga maseti awo, ndipo m'pomveka, popeza anapangidwira zimenezo. Seti yomangidwa imatsika poyerekeza ndi yosatsegula, komabe yotchuka ikakhala yathunthu ikhoza kudzaposa mtengo umene inagulidwira. Mawu akuti "yathunthu" ndiwo amabweretsa mikangano yambiri. Kwa wogula wodziwa, amatanthauza kachidutswa kalikonse mu utoto wake woyenera, tianthu tonse ndi zida zawo, masitika, ndi kabuku ka malangizo. Bokosi ndi timadontho towonjezera timene kampani imaikamo dala amazitchula padera.

Njira yotsimikizira ndi kuwerenga. Mndandanda wa tizidutswa uli kumapeto kwa kabuku m'maseti a zaka zaposachedwa, komanso pa BrickLink. Phwasula seti yonse, usanje tizidutswa potengera kapangidwe osati utoto, chifukwa n'kosavuta kupeza kofiira pakati pa tofanana kapangidwe kusiyana ndi kupeza kakang'ono mu mulu wa zofiira zokhazokha. Kenako chonga kamodzikamodzi. Kumanga seti kuti uone ngati yakwana kumabisa zolakwa, popeza kachidutswa kolowa m'malo mwa kena kamagwirabe.

Pa utoto m'pamene ambiri amapunthwa. Cha mu 2004 LEGO inasintha mitundu yake yotuwa, kuchoka ku yakale yopita kuchikasu kupita ku yatsopano yopita kubuluu, ndipo bulawuni naye anasinthidwa kukhala wofiirira. Pansi pa getsi la m'nyumba zimaoneka zofanana. Pa kuwala kwa masana, ukaika kakale pambali pa katsopano, kusiyana kumaoneka poyera. Seti ya mu 2001 yokonzedwa ndi tizidutswa ta mu 2015 si yathunthu kwa wosonkhanitsa.

Tianthu tiyang'anidwe pa kuwala kwambiri. Timang'aluka m'mbali mwa thunthu kuyambira kunkhwapa kutsika, kuchidendene, ndi pamkono pamene dzanja limalowera. Mng'alu wopyapyala ngati tsitsi pa kamunthu kodula ukhoza kudula mtengo pakati. Kukaimika nthawi yaitali pa mabatani kapena kusinthasintha manja ndiko kumayambitsa zimenezi. Timikanjo tansalu timanyenyeka m'mphepete, choncho ndi bwino kutisunga togona pakati pa mapepala. Palinso tizidutswa ta bulawuni wofiirira ndi tofiira moderako ta zaka zina za m'ma 2010, todziwika ndi kuthetheka ngati galasi. Pophwasula seti ya nthawi imeneyo gwiritsa ntchito kachida kophwasulira, pang'onopang'ono, ndipo yembekezera kuti tina tithyoka ndithu.

Dzuwa limasandutsa zoyera, zotuwa ndi zabuluu kukhala zachikasu, nthawi zina mbali imodzi yokha imene inayang'ana kuwindo. Anthu amaviika tizidutswa totere mu hydrogen peroxide wa 3 peresenti, wopezeka kogulitsa mankhwala, n'kuika padzuwa maola angapo. Zimayeradi, koma chikasucho chimakonda kubweranso, zabuluu zimatha kuchita mawanga, ndipo zojambula zimafwifwa. Wogulitsa woona amanena kuti watero.

Potsuka, kampaniyo imalangiza madzi osapitirira madigiri 40, sopo wofewa, ndi manja. Makina ochapira, madzi owira ndi choumitsira tsitsi zimapinditsa pulasitiki, kanjerwa n'kusiya kugwira. Tizidutswa toonekera ngati galasi titsukidwe patokha chifukwa timakalika msanga. Za masitika ndi za magetsi zisalowe m'madzi. Umitsira pamthunzi, pathaulo, tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa madzi amabisala m'timapaipi ndipo ukatsekera m'thumba zimanunkha. Masitika akale amauma n'kusweka, makamaka oyera. Pepala la masitika losamatulidwa la seti yosowa limagulitsidwa palokha pa mtengo wabwino, moti osonkhanitsa ena samata n'komwe. Seti yomatidwa ndi guluu ilibe msika.

Zachinyengo

Pamene pali ndalama, akuba sasowa. Kampani ya ku China ya Lepin inkakopera maseti athunthu pamodzi ndi zithunzi za pabokosi, mpaka LEGO inapambana mlandu mu 2018, ndipo mu Epulo 2019 apolisi anakagwira katundu ku fakitale yake ku Shantou. Zokopera zikadalipo m'mayina ena. Chizindikiro choyamba n'chakuti batani lililonse la kanjerwa kenikeni lili ndi dzina la LEGO pamwamba. Pa tianthu dzinalo limapezeka pamwamba pa khosi la thunthu ndi malo ena obisika. Koma achinyengo ochenjera amagula thunthu lenileni lopanda chojambula n'kudindapo okha. Apa pamafunika galasi lokulitsa: zodinda za kufakitale zimakhala zosalala, za m'mphepete mwakuthwa, pamene zodinda ndi makina a kompyuta zimaoneka timadontho ndipo zimatukuka ukakhudza ndi chala. Mr. Gold ndi Boba Fett wa Cloud City abodza ndi ochuluka.

Chinyengo china ndi bokosi lotsegulidwa n'kumatidwanso, atachotsamo tianthu kapena kuikamo zinyalala zolemera mofanana. Yang'ana matepi: pamakhala kanambala kosonyeza nthawi imene linapakidwa, ndipo kayenera kufanana pa matepi onse. Tepi yosanjikiza, katoni yosupuka m'mphepete mwa tepi, kapena guluu wotuluka kumbali zikayikitse. Yeza bokosi pa sikelo ufanizire ndi kulemera kolembedwa pa BrickLink. Kamvekedwe ka kugwedeza sikodalirikanso, popeza kampani yayamba kusintha matumba a mkati kuchoka ku apulasitiki kupita ku apepala. Seti yosowa yogulitsidwa pa theka la mtengo wake, wogulitsa ali watsopano, zithunzi zili zotengedwa pa webusaiti ya kampani, ndipo akufuna ndalama kudzera m'njira yosabwezeka, ingoisiya.

Kugulitsa

Njira zilipo zingapo, ndipo zimasiyana pa ntchito. Kugulitsa seti yathunthu n'kwachangu. Kugulitsa tianthu padera n'kugulitsa nyumba kapena chombo chotsalacho kwa omanga nthawi zina kumabweretsa zambiri. Kugulitsa kachidutswa kamodzikamodzi pa BrickLink ndiko kumaoneka kwa phindu koposa ukaphatikiza mitengo yonse, koma tofunidwa timatha m'masabata oyamba, totsala timakhala m'madirowa zaka, ndipo oda iliyonse ya madola ochepa imafuna kusankha, kuwerenga ndi kupakira. Imeneyo ndi bizinesi ya tsiku ndi tsiku, si kusunga chuma. Mulu wosakanikirana umagulitsidwa pa kilogalamu ndipo ndiwo wotchipitsitsa, choncho usanaugulitse chotsamo tianthu, nyama, tizidutswa todindidwa ndi timabuku, chifukwa kabuku kamakuuza seti imene yabisala mu muluwo. Nyengo yoyandikira Khrisimasi ogula amachuluka, ndiponso filimu yatsopano ikatuluka maseti akale a nkhani yomweyo amafunidwa.

Popakira seti yosatsegula, bokosi lilowe m'katoni ina yolimba, kusiya mpata wa masentimita 5 mbali zonse wodzaza ndi zofewa, makona otetezedwa. Osamata tepi kapena adiresi pa bokosi la LEGO lenilenilo. Seti yomangidwa iphwasulidwe n'kuikidwa m'matumba otseka, kamunthu kalikonse m'kathumba kake, kabuku pakati pa makatoni awiri kuti kasapindike. Usanatseke, jambula mbali zonse zisanu ndi imodzi za bokosi, matepi moyandikira, chilema chilichonse, ndi phukusi lili pa sikelo. Tumiza ndi nambala yolondolera, ndipo pa katundu wodula lipira inshuwalansi ndi kusainira polandira. Potumiza kunja kwa dziko, wogula adziwiretu kuti msonkho wa pachipata ndi wake. Misika ya pa intaneti pakabuka mkangano imakonda kumvera wogula, ndipo zithunzi zija ndi risiti yosonyeza kulemera kwa phukusi ndizo umboni umene wogulitsa angapereke.